Mawu a Esnat Kuseri kwa Khoma

Pa 9 Malichi 1998, akuluakulu a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, yomwe sitiitchula dzina chifukwa maloya ake akadali moyo, adakhoma chikalata pabolodi la pa ofesi. Pamwamba chidalembedwa m'Chingerezi, pansi m'Chichewa, kuchitira omwe Chingerezi chidawalambalala. Chidati utsogoleri wa kampani, poona kuti dziko lalowa m'nyengo ya ufulu, komanso poganizira umoyo wa antchito ake okondedwa, wakhazikitsa Komiti Yoona za Phokoso. Komitiyo ionetsetsa kuti aliyense wogwira ntchito m'fakitale ndi m'wekishopu walandira zotchinga m'makutu mvula yotsatira isanagwe. Kumapeto kudali masiginecha atatu ndi chidindo chimodzi, chodinda mozondotsa.

Anthu adaunjikana n'kuwerenga. Wina adafunsa ngati zotchingazo zimatetezanso ku mawu a kapitawo. A Blackson Mulepa, mmisiri wamkulu wa matabwa pa esitetiyo, adangopukusa mutu n'kumapita. Zoti anthu ophunzira angakhale pansi, tiyi ndi mabisiketi zili patebulo, n'kumakambirana zochepetsa phokoso, sizidawalowe m'mutu. Iwo moyo wawo wonse ankafunafuna njira zolichulukitsira.

A Mulepa adabadwira kwa Khwethemule, mdzukulu wa anthu amene adawoloka malire kuchokera ku Mozambiki atasenza makasu ndi mphasa basi. Adalowa pa esiteti mu 1973 ngati wokhoma mabokosi olongedzamo tiyi, aja a pulayiwudi okhala ndi timalata m'mphepete. Kampani itayamba kulongedza tiyi m'matumba a mapepala, adawasamutsira pa makina ocheka matabwa, chimakina chakale cholira ngati nkhumba khumi zikuphedwa tsiku limodzi. Ankaima pamalo amodzimodzi, phewa la kumanzere lili kufupi ndi macheka, dzanja lamanja likukankha thabwa. Adaimapo zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo simenti ya pamalopo idachita kukumbika.

Koma dzina lawo silidatchuke chifukwa cha zitseko ndi mafelemu. Mabokosi a tiyi atasiya ntchito, a Mulepa adatolako asanu ndi limodzi, n'kuboola lililonse pamimba, n'kuikamo masipika omwe ankasaka ku Limbe ndi ku Bvumbwe m'mawayilesi akufa. Umo ndi momwe idabadwira gumbagumba ya a Mulepa. Mabokosi awiri ankakhala pamwamba pa kabati pabalaza, atafunditsidwa tinsalu toluka ta akazi awo, a Esnat. Atatu ankakhala pakhonde, atayang'ana ku malayini a nyumba za antchito. Bokosi lachisanu ndi chimodzi ankalikweza mumtengo wa mapeyala Loweruka lililonse. Sayirini ya fakitale inkangonena kuti ntchito yatha, koma zoti sabata yathadi anthu ankamvera kwa a Mulepa.

Nyimbo ankaiyeza ndi mtunda. Lolemba m'mawa funso lawo lidali limodzi: "Inamveka mpaka kuti?" Wothyola tiyi akayankha kuti inafika pa sikelo ya ku Nambala Folo, tsikulo a Mulepa ankacheka matabwa akuimba mluzu.

Nyumba yawo idali ya mabanja awiri, khoma limodzi pakati, mbali zonse zofanana ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi. M'mwezi wa Epulo, mbali inayo mudalowa a Cuthbert Mzumara, kalaliki watsopano woona za antchito, wochokera ku Rumphi. Pokhala kuti ankalemba bwino, adawapatsanso ulembi wa Komiti Yoona za Phokoso. Adabwera okha. Akazi awo, a Debora, adali aphunzitsi, ndipo kalata yawo yopempha kusamuka idali pa desiki ina mumzinda wina, komwe inkaganiziridwa mwachangu kuyambira chaka chinacho.

A Mulepa adaonerera katundu akutsitsidwa pa lole. Patatsika timasipika tiwiri tokula ngati mabokosi a nsapato, adalephera kudzigwira.

"Achimwene, timeneti ndi ta ana kapena? Aakulu akubwera pambuyo?"

"Tomweti timandikwanira, bambo Mulepa."

"Musavutike. Loweruka muzingotsegula zenera, ndizikugawirani."

Kwa miyezi iwiri, kuchokera kuseri kwa khoma sikunkamveka kanthu koposa kunong'ona. A Mulepa ankawamvera chisoni mnzawoyo.

Zinthu zidatembenuka ndi kaseti. A Esnat ankaimba aluto m'kwaya ya amayi ya kumpingo kwawo. M'mwezi wa Juni kwayayo idakwera lole kupita ku Blantyre kukajambulitsa nyimbo. Mwini situdiyo adawaimika mokhota ngati uta patsogolo pa maikolofoni awiri, n'kuwaletsa kutsokomola. Kasetiyo itafika, malo oyamba kuimvera adali odziwikiratu. A Mulepa adakweza bokosi mumtengo ngakhale lidali Lachinayi, n'kupotokola ampu yokwezera mawu mpaka kumapeto. Mbale zidanjenjemera m'kabati, agalu adathawira m'tiyi.

A Esnat adamvetsera manja ali pamiyendo.

"Ndife amenewa?"

"Ndinu, mayi a Vailet! Ikumveka mpaka kumsewu!"

"Gulu ndikulimva. Koma ine sindikudzimva."

"Mudzimve bwanji anthu makumi awiri? Kwaya ndi kwaya."

Lamulungu lotsatira, a Mzumara, omwe ankapemphera mpingo womwewo, adapempha kuti nawonso aimveko kasetiyo. Madzulo adapitako amayi atatu: a Esnat, a Marita omwe ankatsogolera nyimbo, ndi a Anesi a sopulano. A Esnat adabwerako maso atafiira, koma akumwetulira.

"Bambo a Vailet, ndadzimva."

"Mwadzimva kuti?"

"Kwa a Mzumara. Amakukhazika pampando pakati pa balaza, n'kukuuza kuti utsinzine. Ndiye Marita amaima apa, patsogolo pako penipeni. Anesi uko kumanja ndi kamphuno kake kaja. Ine kumanzere, chakumbuyo pang'ono, pomwe ndinaima tsiku lijalo. Mpaka pomwe ndinachedwa kupuma pa vesi lachitatu, pakumveka."

"Timabokosi ta nsapato tija?"

"Tomweto."

"Inamveka mpaka kuti?"

"Siinatuluke n'komwe panja."

"Ndiye mwamva chiyani?"

A Esnat adalowa kukhitchini akung'ung'udza vesi lachitatu, n'kupuma pamalo oyenera.

Pa zonse zomwe adamva, a Mulepa adasungapo mawu ochepa chabe: amakuuza kuti utsinzine. Munthu amene mkazi wake ali ku Rumphi, akuuza akazi a eni ake kuti atsinzine. Mawuwo adapita nawo ku wekishopu, adabwera nawo, adadya nawo. Lamulungu lachiwiri a Esnat adapitanso ndi a Marita. Lamulungu lachitatu adapita ndi a Anesi. Lamulungu lachinayi kudagwa chiperoni, nkhungu idakuta minda ya tiyi mpaka mitengo ya bulugama osaoneka, ndipo amayi enawo sadabwere. A Esnat adafunda chitenje n'kupita okha. Chitseko cha a Mzumara chidali chotsegula, a Mulepa adaona. Adaonanso kuti chitseko chotsegula chimatha kutsekedwa.

Adachita chinthu chomwe mmisiri wamkulu sayenera kuchita. Adapanikizika pakati pa kabati ndi zenera, pomwe padali mpata wokhawo, n'kugunditsa khutu la kumanzere kukhoma. Sadamve kanthu. Nyimbo ayi, kulankhula ayi, ngakhale kukhosomola. Akadamva kuseka, bwenzi atadziwa choti akwiye nacho. Koma zii wa mphindi makumi awiri adawasowetsa mtendere.

A Esnat atabwerako, adawafunsa mosayang'ana kumaso.

"Lero nyimbo zinali bwanji?"

"Tamvera mbali yonse yoyamba."

"Oho."

Loweruka lotsatira a Mulepa adapitako okha, ati kudzacheza. A Mzumara adawalandira ndi manja awiri, chifukwa munthu wokonda zinthu zotere amasowa womufotokozera. Adati chinsinsi si kukula kwa bokosi. Masipika awiri ndi mutu wa womvera ziyenera kukhala ngati mafuwa atatu, mtunda wofanana mbali zonse. Sipika iliyonse imanyamula zomwe maikolofoni a mbali yake adamva, ndiye makutu awiri akalandira, mutu umabwezera woimba aliyense pamalo pake. Adawakhazika pampando uja.

"Tsinzinani, bambo Mulepa."

A Mulepa adatsinzina diso limodzi kaye, kenako linalo. Adamva kanyimbo kakang'ono, kaukhondo ndithu, koma kounjikana pamodzi ngati masamba m'dengu. Marita, Anesi, Esnat, onse mulu umodzi.

"Mwawamva a Marita pakatipo?"

"Ndawamva," adanama.

Adatuluka mtima utalemera kuposa polowa. Tsopano adali ndi umboni wa makutu awo: m'nyumba muja mudalibe chodabwitsa chilichonse. Nanga ngati nyimbo ndi wamba, akazi awo ankatsatako chiyani?

Adaganizapo zopita kwa ankhoswe. Koma akanena kuti chiyani? Kuti mkazi wanga akudzimva kwa aneba? Ankhoswe akadafunsa ngati wagwidwa ndi munthu, iwo n'kuyankha kuti ayi, wagwidwa ndi vesi lachitatu. Nkhani yotere imafika ku Bvumbwe tsiku lomwelo. Choncho adaganiza ngati mmisiri. Apanga chimodzimodzi m'nyumba mwawo, osaphonya ngakhale inchi. A Esnat akasiya kupita kuseri, ndiye kuti zidalidi nyimbo. Akapitabe, a Mulepa adziwa chomwe akuopa kudziwa, ndipo banja la zaka makumi awiri ndi ziwiri likakambidwa pansi pa mtengo.

Kuti alowe m'nyumba ya mnzawo ndi tepi yoyezera, padafunika pepala. Adalemba fomu ya ntchito yonena kuti chitseko cha nyumba nambala 14B chikukhula pansi. Fomuyo idayenda maofesi atatu, ndipo siginecha yachitatu idali ya a Mzumara eni ake. Iwo sankadziwa kuti chitseko chawo chikukhula, koma adali munthu wokhulupirira mafomu. Lachiwiri m'mawa, eni nyumba ali ku msonkhano wa Komiti Yoona za Phokoso, komwe ankakambirana za mtundu wa zotchinga m'makutu, kaya zofiira kaya zachikasu, a Mulepa adatenga kiyi ku ofesi n'kulowa.

Adayeza zonse. Kuchokera pa sipika kufika pa inzake, mafiti sikisi. Kuchokera pa iliyonse kufika pampando, mafiti sikisi. Kuchokera kukhoma, mafiti awiri. Kutalika kwake, kulingana ndi khutu la munthu wokhala pansi pampando. Zonse ziwiri zidapendekera mkati pang'ono ngati maso oyang'ana nsonga ya mphuno. Pansi padali mkeka, pazenera katani yochindikala. Adalemba zonsezi ndi pensulo pa kachidutswa ka thabwa. Potuluka adapala chitseko chija pang'ono kuti fomu isakhale yabodza. Kuyambira tsikulo chitsekocho sichinkatsekeka bwino, zomwe a Mulepa sadadandaule nazo.

Ntchito idatenga masabata atatu. Mabokosi a tiyi adawakana okha, chifukwa atayesa kuwagwira nyimbo ikulira adapeza kuti pulayiwudi imaimba nyimbo yakeyake. Adatola zidutswa za mbawa zochindikala, n'kupanga mabokosi awiri olumikiza bwino, opanda kampata kolowa nyerere, mkati n'kuyalamo thonje la matiresi akale. Mwa masipika asanu ndi limodzi aja, awiri okha ndiwo adali a bere limodzi. Adachotsa amenewo, ena anayi n'kuwaika pansi pa bedi. Gumbagumba idafa imfa yopanda mwambo.

Loweruka loyamba lopanda nyimbo anthu adabwera kudzafunsa ngati pagwa zovuta. Loweruka lachiwiri adabwera kudzafunsa ngati a Mulepa alowa mpingo wina.

M'nyumba namo mudavuta. Kabati idachoka pabalaza ndi mbale zake zonse za paukwati, n'kukaima m'kanjira kopita kuchipinda, moti munthu ankadutsa cham'mbali. Tebulo lidakankhidwira pakona. Ndipo mpando wa a Mulepa, uja wa mikono, womwe udakhala pafupi ndi khomo chiyambire ndipo sudakhalidwepo ndi munthu wina, ngakhale abusa, udakokedwa kufika pakati penipeni pa balaza.

"Alendo akabwera tiziwaikira tiyi pamutu panu?" adafunsa a Esnat.

"Alendo azimwera pakhonde."

"Nanga tinsalu tanga?"

"Pa mabokosi awa sipafunika nsalu."

"Sipika yopanda kansalu, bambo a Vailet, ili ngati munthu wosavala. Anthu aziti m'nyumba muno mulibe mkazi."

"Kwa a Mzumara pali tinsalu?"

"Kwa a Mzumara kulibe mkazi."

"Ndi zomwe ndikudziwa," adatero a Mulepa, n'kupitiriza kuyeza.

Mawaya adapempha kwa amagetsi a pa esiteti, otsala pa ntchito ina, onse akuda, osasiyana ndi pang'ono pomwe. Adalumikiza momwe adagwirira.

Tsiku loyesa lidali Loweruka masana, dzuwa litatuluka patapita sabata ya nkhungu. A Mulepa adayamba kukhala okha pampando. Adamva mulu womwe uja, ndipo sadadabwe, poti kwa a Mzumara adamvanso womwewo. Adadzuka n'kuloza mpandowo.

"Khalani apa."

A Esnat adayang'ana mpando, adayang'ana amuna awo, adayang'ananso kukhomo ngati kukubwera mboni. Adakhala m'mphepete, ngati munthu woyembekeza kuitanidwa kwa dokotala.

"Tsamirani. Tsinzinani." Mawu omalizawo adatuluka ngati akulavula njere ya ndimu.

Nyimbo idayamba. A Esnat adapendeketsa mutu uku ndi uku.

"Anesi ndamupeza. Inenso ndilipo, koma ngati ndikuimbira mu mgolo. Marita ndiye palibe."

"Palibe bwanji? Si uyu akukuwayu?"

"Akumveka, koma alibe malo. Pakatipa pali bowo. Mawu ake akungozungulira kuseri kwa makutu."

Adabweza kaseti n'kuyambanso. Chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi.

"Miyeso ndi yomweyo!" adakalipa a Mulepa. "Mafiti sikisi, sikisi, sikisi! Palibe chomwe ndasiya!"

"Miyeso yake iti?"

Funsolo adalilumpha. "Ingonenani kuti mukufuna kubwerera komweko."

A Esnat adatsegula maso. "Bambo a Vailet, tulutsani zomwe zili kukhosi. Mwezi wonse mwakhala mukundiyang'ana ngati ndaba nkhuku."

"Ndinapitako ine! Ndinakhala pampando womwewo! Kulibe Marita pakati, kulibe Anesi kumanja, kulibe chilichonse! Ndiye mundiuze chomwe mumakatsinzinira!"

Pakhomo padamveka odi. Adali a Mzumara, atavala silipasi, m'manja muli batire la tochi. Khoma la nyumba za kampani silisunga chinsinsi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zambiri kuposa nyimbo. Koma adasankha kuyankhula za nyimbo zokha.

"Pepani, bambo Mulepa, ndalowerera. Ndamva nyimbo imodzi yayamba katatu, ndipo besi sikufika kwathu. Ndikuganiza kuti ndikudziwa vuto. Mundilole?"

A Mulepa sadalole, koma sadakanenso. A Mzumara adagwada, adamasula mawaya kumbuyo kwa ampu, n'kugunditsa a bokosi la kumanja pa batire. Pepala la sipika lidadumphira kunja. Adachita chimodzimodzi ndi la kumanzere. Pepala lidalowa mkati.

"Mwaona? Ina ikukankha, ina ikukoka. Zili ngati anthu awiri anyamula thabwa limodzi, wina akulowera ku ofesi, wina ku fakitale. Mawu a pakati ndi omwe amathyoka. Mawaya akakhala amtundu umodzi zimachitika." Adatembenuza mawaya a bokosi limodzi, n'kumanga kachingwe pa waya wina kuti azidziwika. Kenako adasisita mbawa ija, adagogoda ndi chala, n'kupumira m'mwamba. "Koma mabokosi awa aposa anga kutalitali." Maso awo adayenda kuchokera pa bokosi kufika pa linzake, n'kufika pampando, n'kutera pa kachidutswa ka thabwa kolembedwa ndi pensulo komwe kadali pawindo. "Chitseko chija zikomo," adatero. "Mphepo ikulowa bwino masiku ano."

Kaseti idayambanso. Mzere woyamba usanathe, a Esnat adagwira pakamwa.

"Marita uyu! Ali apa, ndingathe kumukoka chitenje! Ndi mayi Margret kumbuyo uko, kwa a Mzumara sindinawamvepo bwino chonchi. Bambo a Vailet, bwerani mudzamve zomwe mwapanga!"

Adawakokera pampando. A Mulepa adakhala, adatsinzina, nsagwada zili gwa.

"Lozani pomwe pali a Marita," adatero a Mzumara.

Adaloza kumanja.

"Nanga mayi a kunyumba kuno?"

Kumanja.

A Mzumara adapotokola kabatani mwakachetechete mpaka bokosi la kumanja lidazimiratu, n'kutsala la kumanzere lokha. "Nanga tsopano nyimbo ikuchokera kuti?"

Chala chidazengereza, kenako chidalozanso kumanja. A Mulepa adatsegula maso, adaona awiriwo akuyang'anana, ndipo magazi adawakwera.

"Mwapangana eti? M'nyumba mwanga momwe?"

A Esnat adazungulira mpando, adawerama pa khutu la kumanzere la amuna awo, n'kunena mawu angapo motsitsa. A Mzumara adayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. A Mulepa adangoti duu, akudikira kuti mkazi wawo ayambe kuyankhula.

"Mukuseka chiyani inu?"

A Esnat adazungulira kupita kumanja, n'kuwerama chimodzimodzi. "Ndati, ndinu bambo wansanje ngati tambala, koma manja anu ndi odala."

A Mulepa adagwira khutu la kumanzere. Adalikhudza ngati la munthu wina. Adakhwatchitsa zala pafupi nalo, kenako pafupi ndi linalo, kenako pa loyamba lija.

"Limeneli linafa kalekale," adatero a Esnat. "Vailet ali mu Sitandade 2. Mumaganiza kuti popita kutchalitchi ndimayenda kumanja kwanu chifukwa chiyani? Ndipo ndikafuna kukunenani, ndimazungulira kumanzereko."

"Osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Ndinakuuzani kawiri. Koma ndinali kumanzere."

A Mulepa adayang'ana mpata uja wa pakati pa zenera ndi pomwe padali kabati, pomwe adagunditsa khutu tsiku la chiperoni. Adauyang'ana nthawi yaitali. Za tsikulo sadauze munthu, ndipo a Esnat, omwe adapeza chidindo cha mafuta a m'tsitsi pakhomapo tsiku lomwelo, sadafunse.

Amene adasowa poyang'ana adali a Mzumara. Adakumbukira kuti iwo ndi mlembi wa komiti inayake.

"Ndi makina aja," adatero motsitsa, kenako adabwereza mokweza atasunthira kumanja. "Ndi makina aja, bambo Mulepa. Nkhaniyi ndikaitula ku komiti."

Adakaituladi. Idalembedwa pansi pa mutu wa Zina ndi Zina. Komiti idamva ndi chisoni chachikulu, ndipo idagwirizana zokhazikitsa kakomiti kena kofufuza ngati makutu a antchito amafa ndi phokoso la kampani kapena la kunyumba kwawo. Pa nkhani ya a Mulepa, membala wina adakumbutsa anzake za bokosi la mumtengo wa mapeyala.

A Esnat sadapitenso kuseri kwa khoma. Koma tinganame titati nsanje ya a Mulepa idatha. Idangosamuka nyumba. Adasiya kuchitira nsanje mwamuna mmodzi, n'kuyamba kuchitira nsanje aliyense wa makutu awiri. Lamulungu madzulo amayi a kwaya ankabwera kwawo, kukhala pampando uja mosinthana, aliyense n'kumafuula akadzipeza. A Mulepa ankawayang'ana ngati munthu wophika phwando ali ndi zilonda m'kamwa. A Mzumara adapempha kangapo kuti awapangireko mabokosi otero. Yankho lidali lakuti mbawa idatha. Idakhala itatha mpaka mu 2001, chaka chomwe kalata ija idaganiziridwa ndipo a Debora adafika ndi masutikesi awo. Sabata yomweyo mbawa idapezeka, ndipo chitseko cha 14B chidakonzedwa popanda fomu.

Kumalayini anthu sadawakhululukire. Loweruka lidasanduka tsiku wamba, ndipo zitamveka kuti a Esnat amakhala pampando wa abambo, eni ake ali pa kampando kopanda mikono, nkhani idafala yoti a Mulepa adadyetsedwa mankhwala. Iwo ankamvako theka la zonenedwazo, malinga ndi mbali yomwe wonenayo waima.

Kampando kaja ankakaika kumanzere kwa a Esnat, kuti khutu lamoyo liyang'ane kwa iwo. Nyimbo ikafika pa vesi lachitatu ankafunsa, "Muli pati?" A Esnat ankaloza osatsegula maso, ndipo a Mulepa ankayang'anitsitsa pamalopo, pakati pa bokosi ndi katani, pomwe padalibe kanthu koma khoma la laimu.

Adapuma ntchito mu 2004 n'kubwerera kwa Khwethemule. Pomanga nyumba, asanakumbe maziko, adayamba akhoma zikhomo zitatu pansi, mafiti sikisi mbali zonse, ndipo omanga adauzidwa kuti makoma azungulire zimenezo. Magetsi kulibe, ampu imayendera batire la galimoto. Kaseti ija adaijambulitsa kawiri isanadyeke.

Zotchinga m'makutu zidafika mu Novembala 2002, zachikasu. Zidabwera zinayi, za anthu makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Poopa kuti zingasowe, utsogoleri wa kampani udalamula kuti pakhale kabati ya loko yozisungiramo, ndipo fomu yake idasainidwa m'maofesi atatu. Kabatiyo adapanga ndi a Mulepa. Imatsegulidwa kukabwera alendo ochokera kunja.